Morocco ndi nkhani ya anthu osamuka: mlonda wa ku Ulaya kapena mneneri wa Africa?

Pa 10 Disembala 2018, nthumwi za mayiko oposa 160 zinasonkhana mumzinda wa Marrakech ku Morocco n'kuvomereza pangano loyamba la dziko lonse lapansi lokhudza mbali zonse za nkhani ya anthu osamukira m'mayiko ena. Patangotha zaka zitatu ndi theka, pa 24 Juni 2022, m'dziko lomwelo, anthu osachepera 23 anafera pampanda wa Melilla poyesa kulowa m'dera la Spain. Wolandira alendo a ku Marrakech ndi wolondera mpanda wa Melilla ndi boma limodzi. Kuti timvetse mmene zimenezi zikuthekera, tiyenera kuyambira pomwe dzikoli lili, ndiponso pa zomwe mawu akuti "kusamuka ndi chitukuko" amatanthauza kwa aliyense wokhala pagome la zokambirana.

Pamalo opapatiza kwambiri a nyanja ya Gibraltar, Africa ndi Ulaya zatalikirana makilomita 14 okha. Kunja kukayera, munthu ali mumzinda wa Tangier, kumpoto kwa Morocco, amaona mapiri a ku Spain. Palinso timizinda tiwiri, Ceuta ndi Melilla, tomwe tili pa nthaka ya Africa koma tikulamulidwa ndi Spain. Amenewa ndiwo malire okhawo a pamtunda pakati pa Africa ndi European Union. Wolumpha mpanda wa pamenepo wafika ku Ulaya phazi lisananyowe.

Poyamba anali Azungu ofuna anthu

Masiku ano tikamva za mabwato odzadza ndi anthu, timaiwala kuti njirayi anailambula ndi mayiko a ku Ulaya eni ake. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, migodi ndi mafakitale awo zinkasowa manja. Morocco inasainirana mapangano otumiza antchito ndi West Germany komanso France mu 1963, Belgium mu 1964 ndi Netherlands mu 1969.

Kummwera kwa dzikoli anthu akukumbukirabe Mfalansa wina, Félix Mora, amene ankayenda m'midzi kulemba anyamata okagwira ntchito m'migodi ya malasha kumpoto kwa France. Anyamata ankandanda osavala malaya, iye n'kumawayang'ana mano, minofu ndi zikhato. Wokhoza ankamudinda chidindo chobiriwira pachifuwa, wolephera chofiira. Zikwizikwi anapita mwanjira imeneyi, onse akuganiza kuti akagwira zaka zochepa n'kubwerera kumudzi. Owalemba ntchitowo ankaganizanso chimodzimodzi.

Zinthu zinatembenuka mu 1973 ndi 1974, mitengo ya mafuta itakwera, chuma cha ku Ulaya n'kugwedezeka. Mayiko aja anasiya kulemba antchito akunja. Apa panachitika chinthu chomwe andale ambiri mpaka lero sanachiphunzirebe: chitseko chitayamba kutsekedwa, omwe anali m'kati anaopa kutuluka poganiza kuti sadzalowanso. M'malo mobwerera kwawo, anaitanitsa akazi ndi ana. Antchito a kanthawi anasanduka matchona. Zofananazo zinachitika mu 1991 pomwe Spain inalamula kuti nzika za Morocco zizikhala ndi viza. Kale anthu ankawoloka, kugwira ntchito ya nyengo imodzi, n'kubwerako. Viza itabwera, kunabadwa timabwato tausiku tomwe ku Spain amati pateras, pamodzi ndi anthu odya ndalama powolotsa anzawo mozemba.

Lero anthu a ku Morocco ndi zidzukulu zawo okhala kunja alipo pafupifupi 5 miliyoni, ambiri ku France, Spain, Italy, Belgium ndi Netherlands. Amene anaonera mpira wa World Cup wa 2022 anawaona ndi maso. Mwa osewera 26 a timu ya Morocco, yomwe inakhala yoyamba mu Africa kufika mu semifainolo, 14 anabadwira kunja. Achraf Hakimi anabadwira ku Madrid, Hakim Ziyech ku Netherlands.

Ndalama za matchona

Boma la Morocco linazindikira msanga kuti anthu amenewa ndi mgodi. Mfumu Hassan II sinkafuna kuti azolowere kwambiri moyo wa ku Ulaya, poopa kuti akaiwala kwawo aiwalanso kutumiza ndalama. M'kupita kwa nthawi, boma linasiya kuwalondalonda n'kuyamba kuwanyengerera. Mu 1990 linakhazikitsa bungwe la Hassan II Foundation loona za nzika zokhala kunja, ndipo mu 2007 linawonjezera khonsolo yawoyawo, CCME. Chaka chilichonse m'miyezi yotentha pamakhala ntchito yotchedwa Marhaba, mawu a Chiarabu olonjera mlendo, yolandira mamiliyoni a anthu obwera kutchuthi kudzera m'madoko ndi m'mabwalo a ndege. Munthu akatenga unzika wa dziko lina sataya wa Morocco, ndipo ana ake obadwira kunja amawerengedwabe ngati eni dziko.

Phindu lake likuoneka m'mabuku a chuma. Mu 2023 ndalama zotumizidwa ndi anthu okhala kunja zinaposa ma dirham 115 biliyoni, zomwe ndi madola a ku America oposa 11 biliyoni. Chaka chimenecho zinaposa ndalama zomwe dzikoli linapeza kwa alendo odzacheza, chikhalirecho Morocco ndi limodzi mwa mayiko okopa alendo kwambiri mu Africa. Pa nthawi ya mliri wa Covid-19 akatswiri ambiri analosera kuti ndalamazi zitsika. Zinakwera.

Funso lomwe limavuta ndi lakuti kodi ndalamazi n'chitukuko? Gawo lalikulu limathera pa chakudya, mankhwala, sukulu ndi kumanga nyumba. Ena amanyoza kuti kumeneko n'kudya chabe. Ine sindigwirizana nawo kwenikweni. Mwana amene wapitiriza sukulu chifukwa cha ndalama ya amalume ake a ku Brussels, ngati si chitukuko ndiye n'chiyani? Nyumba ikamamangidwa, mmisiri, wogulitsa simenti ndi woyendetsa lole onse amapezapo kangachepe. Pomwe odzudzulawo akulondola m'pakuti ndalama zotumizidwa sizingakonze zomwe boma lalephera. Kumene kulibe msewu, magetsi ndi khoti lodalirika, wotchona amamanga nyumba yake basi, fakitale ayi.

Pali zitsanzo za matchona omwe anapitirira pa banja lawo. Mu 1986 antchito ena ochokera kummwera kwa Morocco omwe ankakhala ku France anayambitsa bungwe la Migrations & Développement. Anasonkha ndalama ndi luso lawo n'kuyamba kukokera magetsi ndi madzi m'midzi ya m'mapiri a Anti-Atlas, boma lisanafikeko. Ntchito zamtundu umenewu ndizo zinapangitsa kuti m'misonkhano ya mayiko muyambe kumveka nkhani yakuti wosamuka akhoza kutukula kwawo ali kutali.

Mawu amodzi, matanthauzo awiri

Apa ndiye pagona nkhani. Nduna ya ku Ulaya ikamati "kusamuka ndi chitukuko", kawirikawiri imatanthauza kuti: tikuthandizeni kutukuka kuti anthu anu asabwere kwathu. Nduna ya ku Rabat, likulu la Morocco, ikamanena mawu omwewo imatanthauza kuti: lolani anthu athu abwere kwanu mwalamulo kuti titukuke. Onse awiri amasaina chikalata chimodzi, kujambulitsa akumwetulira, aliyense n'kubwerera kwawo ndi tanthauzo lake.

Ganizo la nduna yoyambayo lili ndi vuto lomwe ofufuza analiona kalekale. Katswiri wa ku Netherlands, Hein de Haas, amene anachita kafukufuku wake m'chigwa cha Todgha ku Morocco komweko, ndi mmodzi mwa omwe asonyeza kuti dziko losauka likayamba kutukuka, anthu otuluka amayamba achuluka kaye, n'kudzachepa patapita nthawi yaitali. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ulendo umafuna ndalama ya pasipoti, ya thiransipoti, ya wowolotsa. Umafunanso maphunziro ndi kudziwa zomwe zili kutsidya. Wosaukitsitsa safika n'komwe pagombe. Amene amanyamuka ndi uja wamaliza sukulu, ali ndi foni m'manja, koma ntchito yofanana ndi maphunziro ake palibe. Morocco yeniyeniyo ndi umboni: ili ndi doko lalikulu la Tanger Med, sitima yapamtunda yothamanga kwambiri ndi mafakitale a magalimoto, koma achinyamata ake akadawolokabe.

Kuchokera kumpanda kupita pagome

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Morocco inayamba kukhalanso njira ya anthu ochokera kumadzulo ndi pakati pa Africa: a ku Senegal, Mali, Guinea, Nigeria, Cameroon, Congo ndi kwina. Mu 2003 dzikoli linakhazikitsa lamulo lokhwima, lodziwika ndi nambala yake 02-03, lomwe limalanga wolowa komanso wotuluka m'dziko mozemba. Ambiri analiona ngati lamulo lolembedwa pofuna kusangalatsa Ulaya.

Mu Seputembala ndi Okutobala 2005, magulu a anthu mazanamazana anayesa kukwera mipanda ya Ceuta ndi Melilla ndi makwerero opanga okha. Anthu oposa khumi anafa, ena mwa iwo ndi zipolopolo. Pambuyo pake madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières anapeza anthu ambiri atatayidwa m'chipululu kufupi ndi malire a Algeria, opanda madzi ndi chakudya. Manyazi a zimenezi ndiwo anakankhira mayiko pagome. Mu Julaye 2006, Morocco, Spain ndi France anaitanitsa ku Rabat msonkhano wa nduna za mayiko oposa 50 a mu Africa ndi ku Ulaya. Zokambirana zomwe zinayamba pamenepo zimatchedwa Rabat Process ndipo zikupitirirabe. Chachilendo chake chinali kukhazika pamodzi mayiko omwe anthu amachokera, omwe amadutsamo ndi omwe amapitako, n'kuvomereza kuti nkhaniyi si ya apolisi okha.

Chaka chomwecho ku New York, mlembi wamkulu wa United Nations Kofi Annan anapereka ganizo lokhazikitsa bwalo lomwe maboma azikambiranapo momasuka, popanda womangidwa ndi zomwe wanena. Bwaloli, Global Forum on Migration and Development, linakumana koyamba ku Brussels mu 2007. Kusamangika kumeneku ndiko kunakopa maboma, pakuti palibe dziko lomwe limafuna kuuzidwa ndi ena kuti lilowetse ndani m'malire ake.

Mu Juni 2013 Morocco inasainirana ndi European Union mgwirizano wotchedwa Mobility Partnership. Mwachidule, malonda ake anali otere: Ulaya ifewetse kapezedwe ka viza kwa ophunzira, amalonda ndi akatswiri, Morocco nayo ivomere kulandiranso anthu obwezedwa. Pa nzika zake zenizeni Morocco sikana kwenikweni, ngakhale imachita mozengereza. Chomwe yakhala ikukana kwa zaka zoposa makumi awiri ndi kusaina pangano ndi European Union yonse loti izilandira nzika za mayiko ena zomwe zinangodutsa m'dziko lake. Ikatero, idzakhala dzala la Ulaya, ndipo idzayambana ndi mayiko a mu Africa omwe ikuwafuna pa malonda ndi pa ndale.

Kutembenukira ku Africa

Mu Seputembala 2013, khonsolo yoona za ufulu wa anthu m'dzikomo, CNDH, inatulutsa lipoti lodzudzula momwe alendo ankachitiridwa. Mfumu Mohammed VI inalamula kuti pakhale ndondomeko yatsopano. Mu 2014 boma linatsegula maofesi oti anthu opanda zikalata akalembetse, ndipo kumapeto kwa 2016 linatsegulanso kachiwiri. Onse pamodzi, anthu pafupifupi 50,000 analandira zitupa zokhalira m'dzikomo. Ana a alendo analoledwa kulowa m'sukulu za boma. Kumpoto kwa Africa kunalibe dziko lina lomwe linachitapo zotere, ndipo apa Morocco iyenera kuyamikiridwa ndithu. Paja dzikoli linali m'gulu la oyambirira kuvomereza, mu 1993, pangano la United Nations loteteza antchito osamuka ndi mabanja awo, lomwe mayiko olemera olandira antchito akulikanabe mpaka pano.

Koma chifundo chimenechi chinali ndi ndale zake. Morocco inatuluka mu bungwe la Organisation of African Unity, lomwe pambuyo pake linasanduka African Union, mu 1984 chifukwa cha mkangano wa dera la Western Sahara, lomwe Morocco imati ndi lake, ndipo inkafuna kubwerera. Sukanapempha mavoti kwa atsogoleri a mu Africa uku ukutaya ana awo m'chipululu. Mu Januwale 2017 inalandiridwanso mu African Union, ndipo mfumu inapatsidwa udindo wotsogolera nkhani za anthu osamuka. Chaka chotsatira inapereka chikalata chotchedwa African Agenda on Migration, chomwe mfundo yake yaikulu ndi yoona: Aafirika ambiri osamuka amapita m'mayiko a mu Africa momwemo, owoloka nyanja ndi ochepa poyerekeza. Kuchokera pamenepo kunabadwa ofesi ya African Union yosonkhanitsa ziwerengero za anthu osamuka, African Migration Observatory, yomwe inatsegulidwa ku Rabat mu Disembala 2020. Kufunika kwake n'kwakuti kwa nthawi yaitali Africa yakhala ikukambirana za anthu ake pogwiritsa ntchito ziwerengero zowerengedwa ndi ena.

Mu 2017 ndi 2018, Morocco ndi Germany anatsogolera limodzi bwalo la Global Forum lija. Kanali koyamba kuti mayiko awiri, lina la kumpoto lina la kummwera, agawane mpando umenewo. Msonkhano wina unachitikira ku Berlin, wina ku Marrakech, patangotsala masiku ochepa kuti pangano lalikulu lija livomerezedwe.

Panganolo, Global Compact for Safe, Orderly and Regular Migration, lili ndi zolinga 23: kupulumutsa miyoyo, kuthana ndi ozembetsa anthu, kutsegula njira zovomerezeka, kuchepetsa mtengo wotumizira ndalama, kuzindikira maphunziro a munthu akawoloka malire, ndi zina. Silikakamiza dziko lililonse, ndipo limanena poyera kuti dziko lili ndi ufulu wosankha olowa m'malire ake. Ngakhale zili choncho linautsa mapiri pachigwa. America inatuluka m'zokambirana zisanathe. Ku Belgium boma la Charles Michel linagwa chipani china chitachoka mu mgwirizano chifukwa cha nkhani yomweyi. Pa 19 Disembala 2018, ku msonkhano waukulu wa United Nations, mayiko 152 anavomera, 12 sanavote mbali iliyonse, ndipo asanu anakana: America, Hungary, Israel, Czech Republic ndi Poland.

Miyezi yochepa msonkhano wa ku Marrakech usanachitike, apolisi a Morocco anali akusesa m'mizinda ya kumpoto monga Tangier ndi Nador, kukweza alendo akuda m'mabasi n'kukawasiya kutali kummwera. Mabungwe oona za ufulu wa anthu ananena kuti ena mwa ogwidwawo anali ndi zitupa zomwe boma lomwelo linawapatsa. Chaka chimenecho anthu oposa 50,000 anafika ku Spain panyanja, ndipo Ulaya inali kukakamiza, ndalama zili m'manja.

Chipata ngati chida

European Union yapatsa Morocco ma euro mamiliyoni mazanamazana othandizira kulondera malire. Boma la Morocco limati mu 2023 lokha linalepheretsa maulendo ozemba oposa 75,000. Koma wolondera chipata cha mnzake amakhala ndi mphamvu yomwe mwini nyumba sanaiganizire, chifukwa akhoza kungoyang'ana kumbali.

Mu Epulo 2021 Spain inalandira m'chipatala mwakachetechete Brahim Ghali, mtsogoleri wa gulu la Polisario lomwe likumenyera ufulu wa Western Sahara. Rabat inakwiya. Pakati pa mwezi wa Meyi alonda a m'malire anafooketsa dzanja, ndipo m'masiku awiri anthu oposa 8,000 analowa ku Ceuta, ambiri posambira, ena mwa iwo ana. Nyumba ya malamulo ya European Union inadzudzula kugwiritsa ntchito ana pa mkangano wa ndale. Komabe mu Malichi 2022 nduna yaikulu ya Spain, Pedro Sánchez, inalembera mfumu kalata yoyamikira ndondomeko ya Morocco pa Western Sahara, kusintha zomwe Spain inakhala ikunena kwa zaka zambiri. Ubale unabwerera, ulonda unakhwimanso. Patangopita miyezi itatu ndi pomwe kunachitika zoopsa za ku Melilla zija. Ambiri mwa omwe anafa anali ochokera ku Sudan, dziko lomwe nzika zake zambiri zimapatsidwa chitetezo zikafika ku Ulaya n'kupempha. Boma la Morocco linati anafa ndi 23, bungwe loona za ufulu wa anthu la Amnesty International linati osachepera 37, ndipo mabanja ambiri sanaone mitembo ya abale awo.

Ulaya nayo ili ndi chikwapu chake. Mu Seputembala 2021 France inadula ndi theka ma viza operekedwa kwa nzika za Morocco, ponena kuti dzikoli likuzengereza kupereka zikalata zobwezera anthu ake. Omwe analangika anali ophunzira, amalonda ndi makolo ofuna kukaona ana awo, anthu omwe sanaganizepo zokwera bwato lausiku. Chiletsochi chinachotsedwa mu Disembala 2022.

Njira zovomerezeka zomwe zimalonjezedwa m'misonkhano zilipo, koma n'zopapatiza ndipo zili ndi minga yake. Chaka chilichonse amayi zikwizikwi a ku Morocco amapita kukathyola zipatso za sitiroberi m'minda ya ku Huelva, kummwera kwa Spain, kudzera mu bungwe la boma la Morocco lopezera anthu ntchito la ANAPEC. Ndondomekoyi imatamandidwa ngati chitsanzo cha kupita n'kubwerako. Koma taonani kasankhidwe kake: amakonda amayi akumudzi omwe ali ndi ana aang'ono, chifukwa mayi wosiya mwana kunyumba sangatchone. Mwana ndiye chikole. Ndalama yomwe amapeza m'miyezi yochepayo imasintha moyo wa banja, n'chifukwa chake ofuna kupita amachuluka kuposa malo. Komabe mu 2018 kunamveka madandaulo a amayi ena oti ankagwiriridwa ndi kuzunzidwa m'mindamo, ndipo wodandaula amadziwa kuti chaka chamawa mwina sadzaitanidwanso. Chidindo cha Félix Mora sichikuonekanso pachifuwa, koma wosankha akadali yemwe uja wofuna manja.

Kumbali ina, Ulaya sivuta kutsegulira omwe ikuwafuna. Madokotala mazanamazana ophunzitsidwa ndi misonkho ya anthu a ku Morocco amachoka chaka chilichonse kupita ku France, Germany ndi kwina, pomwe zipatala za kumidzi kwawo zikusowa owona odwala. Mainjiniya a makompyuta nawo amalembedwa ntchito asanamalize n'komwe maphunziro. M'zikalata za mgwirizano zimenezi zimatchedwa kusinthana luso. Nkhani yoti dziko lolandira dokotala libwezeko ndalama zomwe zinamuphunzitsa imatchulidwa mwa apo ndi apo, koma siifika pa tsamba losainidwa.

Nanga alendo 50,000 aja analandira zitupa? Ena anakhazikika, ali ndi timabizinesi ku Casablanca ndi ku Rabat, ana awo akulankhula Chiarabu cha komweko. Ena zitupa zinawathera, pakuti pokonzanso pamafunika kalata ya ntchito ndi ya nyumba, zomwe munthu wodalira maganyu sangazipeze, ndiye anabwerera mumdima momwe anachokera. Ndondomeko ya 2014 inalonjeza malamulo atatu atsopano: lothana ndi kugulitsa anthu, lokhudza othawa kwawo, ndi lolowa m'malo mwa 02-03. Loyambalo linadutsa mu 2016. Patatha zaka khumi chilonjezereni, awiri enawo anali asanatuluke, ndipo munthu wofuna chitetezo ku Morocco ankayenerabe kuyamba wakagogoda pa ofesi ya UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, ku Rabat.